Evison Matafale: zimbale ziwiri zokha, koma gulu lake likadaimbabe

Pa 27 November 2001, Evison Matafale adamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Adali atangokwanitsa zaka 32 sabata imodzi m'mbuyomo, ndipo adali atatulutsa zimbale ziwiri zokha. Ziwiri basi. Masiku ano woyimba wa khama amatha kuponya nyimbo zochuluka chomwecho pa intaneti chaka chisadathe, koma ikafika Khirisimasi anthu amakhala ataziiwala kale. Za Matafale zikumvekabe m'maminibasi a ku Chileka, m'mabala a pa Lunzu, ndi m'timashopu towotchera nyimbo pa Lirangwe, pomwe ambiri mwa omvera ake lero adali asadabadwe tsiku lomwe ankaikidwa m'manda.

Mukafunsa chifukwa chake, yankho lomwe limabwera msanga ndi lakuti adali mneneri, kapena kuti imfa yake ndiyo idamukweza. Zonsezo zili ndi mbali yake. Koma alipo oyimba ambiri omwe adafa imfa zowawa ndipo mayina awo adazilala ngati moto wa mapesi. Chomwe Matafale adachita mosiyana ndi anzake n'chakuti asadamwalire adamanga gulu, adalimanga kwawo, ndi abale ake, ndipo adalipatsa ntchito yoti lipitirize ngakhale iye kulibe. Achinyamata omwe akuimba hip hop ndi dancehall lero ali ndi zambiri zoti atolepo pa nkhaniyi.

Chileka idali kale mudzi wa nyimbo

Matafale adabadwa mu November 1969, ndipo kwawo ndi ku Chileka, m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntaja, m'boma la Blantyre. Kwa mlendo, Chileka ndi bwalo la ndege. Kwa munthu wodziwa nyimbo za Malawi, Chileka ndi mudzi wa Singano, komwe gitala adafika kale kwambiri reggae isadamveke.

Uko ndi kwawo kwa Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, anyamata omwe adakhalako ku Salisbury, Harare ya lero, n'kubwerako ndi chamba cha kwela, chija chimaimbidwa ndi kachitoliro kachitsulo, gitala ndi besi ya chingwe chimodzi yomangidwa pa bokosi. Mu 1967 adakumana ndi Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, yemwe adawajambula mawu n'kulemba buku lonse lokhudza gulu lawo. Kuchokera apo adaimba mpaka ku Ulaya. Daniel adamwalira mu 1987, Donald mu January 2001. Choncho chaka cha 2001 Chileka idalira kawiri: kumayambiriro Donald Kachamba, kumapeto Matafale.

Ku Chileka komweko ndi kwawo kwa Robert Fumulani, yemwe gulu lake lidatenga dzina la mtsinje wa Likhubula, ndipo nyimbo zake zidalamulira wailesi ya MBC m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Mabanja a Fumulani, Chokani ndi Matafale ndi pachibale. Mwana wokulira m'banja lotere saphunzira nyimbo m'kalasi ayi. Amaona malume akukonza zingwe za gitala pakhonde, amanyamula masipika popita ku dansi, amamva akuluakulu akukangana za ndalama za pakhomo dansi ikatha. Pomwe Matafale ankayamba kuimba, adali atadziwa kale kuti nyimbo ndi ntchito ya anthu angapo, ndipo imafuna zida, malo ophunzirira komanso kupirirana.

Rasta m'dziko lomwe linkameta anthu

Ubwana wake wonse ndi unyamata wake udathera mu ulamuliro wa chipani chimodzi wa Kamuzu Banda. Nthawi imeneyo mwamuna wosunga tsitsi lalitali ankalakwira lamulo, ndipo bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo linkatha kuletsa chilichonse chomwe laona kuti chikununkha ndale. Wailesi idali imodzi, ya boma. Woyimba wanzeru ankabisa uthenga wake m'miyambi ndi m'nkhani za banja.

Komabe reggae idalowa. Bob Marley adaimba ku Rufaro Stadium pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe mu April 1980, ndipo a Malawi ambiri ogwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku Joni ankabwera ndi makaseti m'zikwama. Kenako kudabwera Lucky Dube, yemwe adaonetsa kuti munthu wa kum'mwera kwa Africa kuno atha kuimba reggae dziko lonse n'kumumvera. Malawi idalinso ndi kachingwe kake kolumikiza ku chikhulupiriro cha Rastafari: Haile Selassie, mfumu ya Ethiopia, adabwera kuno mu 1965, ndipo malo omwe adaimapo pa phiri la Zomba mpaka lero amatchedwa Emperor's View.

Riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zidatsegula pakamwa pa anthu. Ku Balaka, Lucius Banda ndi ena omwe adakulira mu Alleluya Band adayamba kuimba za umphawi ndi ndale mosabisa. Wailesi zidachuluka: MBC Radio 2 idayamba mu 1997, kenako Power 101 ndi Capital FM, ndipo mu 1999 dziko lidakhala ndi wailesi yake ya kanema. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, reggae ya ku Balaka, yopepuka komanso yodalira kiyibodi, ndiyo inkagulitsa makaseti. Apa ndi pomwe mnyamata wa ku Chileka adatulukira ndi kanthu kena.

Kuimba 1

Chimbale chake choyamba, Kuimba 1, chidatuluka mu 1999, ndipo omwe adamuimbira zida ndi Wailing Brothers, gulu la abale ake a kwa Chokani lomwe linkatsogozedwa ndi Elias Chokani. Taonani kaye dzina la chimbalecho. Munthu sakhoma nambala 1 pa ntchito yake ngati saganiza zoti kudzakhala 2 ndi 3. Kuchokera tsiku loyamba, Matafale ankaona nyimbo zake ngati mitu ya buku limodzi lalitali.

Kamvekedwe kake kadali kolemera kusiyana ndi zomwe makutu adazolowera. Besi idali patsogolo, ikuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wosenza katundu. Ng'oma yaikulu siinkagunda pa kugunda koyamba monga zimakhalira m'nyimbo zambiri zovina, inkadikira kachitatu, kaimbidwe ka reggae yachikale ya ku Jamaica. Gitala ankadula pakatikati. Pamwamba pa zonsezo padali mawu ake, osakongoletsedwa, ngati a mlaliki yemwe watopa ndi kunyengerera mpingo.

Chinthu china chachikulu chidali chilankhulo. Matafale ankaimba m'Chingerezi, inde, koma nyimbo zomwe zidalowa m'mitima ya anthu ndi za Chichewa, ndipo Chichewa chake chidali cha m'Baibulo chosakaniza ndi cha pamsika. Gogo woti sadamvepo za Kingston ankamva uthenga wonse. Watsetsereka, Nkhoswe, Olakwa Ndani ndi Yang'ana Nkhope ndi ena mwa mayina omwe mpaka lero munthu ukangowatchula, wina pafupi amayamba kung'ung'udza. Olakwa Ndani imafunsa funso lomwe mutu wake ukunena: pa mavuto onse omwe munthu wosauka akukumana nawo, mlandu ndi wa yani? Yang'ana Nkhope imakumbutsa kuti anthu tonse tidaumbidwa mofanana, choncho kusankhana kulibe phata.

Kumbukirani kuti nthawi imeneyo kudalibe zoti nyimbo yatchuka pa TikTok. Woyimba ankajambula mu situdiyo, n'kutenga tepi yake kupita nayo kwa wogulitsa wamkulu, monga O.G. Issa, yemwe ankachulukitsa makaseti n'kuwagulitsa kwa mavenda. Bungwe la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, linkamata chizindikiro chake pa kaseti kusonyeza kuti si yakuba. Kuti nyimbo ifike pa Lirangwe kapena ku Mdeka, pankafunika munthu atulutse ndalama m'thumba, agule kaseti, agulenso mabatire. Kutchuka kwa Matafale kudagulidwa motero, kaseti imodziimodzi, ndi anthu omwe ndalama yawo idali yowerengeka.

Matenda, kenako Ma Blacks

Kutchuka kutangoyamba, thupi lidamukana. Adadwala chifuwa chachikulu ndipo kwa kanthawi adasowa pamaso pa anthu. Atapezako bwino adachita chinthu chomwe, poyang'ana m'mbuyo, ndicho chidapulumutsa dzina lake. Sadapite kukafuna akatswiri odziwika a m'tauni kuti amuimbire chimbale chachiwiri. Adabwerera kumudzi n'kusonkhanitsa ana a Robert Fumulani, omwe ndi Musamude, Anjiru ndi Chizondi, pamodzi ndi mnzawo woimba besi Peter Amidu. Ena mwa iwo adali achichepere kwambiri. Gululo adalitcha Black Missionaries.

Dzinalo lili ndi nkhani. Blantyre ndi mzinda womwe udayamba ndi amishoni a ku Scotland mu 1876, ndipo dzina lake lidachokera kwawo kwa David Livingstone. Kwa zaka zoposa 100, mmishoni adali mzungu wobwera ndi uthenga kwa munthu wakuda. Anyamata a ku Singano adatembenuza chithunzicho: uthenga uchokera kuno, onyamula ndi ife. Anthu sadavutike ndi Chingerezi chachitalicho, adangoti Ma Blacks, ndipo dzina lidakhala lomwelo.

Kuimba 2 idatuluka mu 2001. M'nyimbo za nthawi imeneyi muli Time Mark, yomwe idatsamira pa maulosi a m'Baibulo okhudza maufumu a dziko lapansi, ndipo anthu amailumikiza ndi zomwe zidachitika ku New York pa 11 September chaka chomwecho. Nyimbo imeneyi ndiyo idalimbitsa kwambiri dzina lakuti mneneri. Koma tikamangokakamira pa uneneri timaphonya ntchito ya manja yomwe idali kuchitika kuseri: mkulu wa zaka 31 akuphunzitsa ang'ono ake momwe nyimbo imamangidwira, momwe mawu atatu amagwirizanirana kumbuyo kwa woyimba wamkulu, ndi momwe gulu limaimira pa siteji maola ambiri osatopa.

Makalata

Chaka cha 2001 chidali chowawa. Bakili Muluzi adali m'chigawo chake chachiwiri atapambananso mu 1999, ndipo manong'onong'o ofuna kusintha malamulo kuti aimenso kachitatu adali atayamba. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa, mitengo ikukwera, ndipo njala yomwe idapha anthu kumayambiriro kwa 2002 idali panjira. Matafale sadakhutire ndi kuimba kokha. Adalemba makalata odzudzula mtsogoleri wa dziko ndi boma lake, ndipo makalatawo adafalikira.

Pano tiyenera kunena zoona zonse, chifukwa kukonda munthu si kumupaka laimu. Makalatawo sadali odzudzula katangale ndi umphawi zokha. Mudalinso mawu oloza Asilamu ndi amalonda achimwenye, kuti boma linkawakondera. Munthu yemweyo amene adaimba kuti nkhope zathu n'zofanana adalemba zinthu zomwe zidaika magulu athunthu a anthu m'thumba limodzi. Mkwiyo wa woyimba yemwe ankaona ena akulemera ndi thukuta lake ndi womveka, koma kuloza chipembedzo kapena mtundu wa munthu ndi njira yomwe yawotcha mayiko ambiri. Tingathe kuvina nyimbo zake n'kukana mbali imeneyo. Iye adali munthu, wa luso lalikulu komanso waukali, osati mngelo.

Koma kalata, ngakhale ikhale yowawa chotani, yankho lake si maliro. Apolisi adamugwira ali wodwala kale, n'kumutengera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera kwawo. Patangotha masiku ochepa, uthenga udafika ku Chileka kuti wamwalira. Akuluakulu a boma adati chidamupha ndi chibayo. Abale ake ndi omutsatira ambiri adakhulupirira kuti adamenyedwa. Boma lidakhazikitsa komiti yofufuza, koma zotsatira zake sizidatseke pakamwa pa anthu, ndipo mpaka lero nkhaniyi ikatuluka m'minibasi, mkangano umabuka.

Ngakhale titavomera zomwe boma lidanena, funso silichoka. Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 42, amati munthu womangidwa ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha mankhwala ndi kusungidwa mwaulemu. Gawo 35 limapereka ufulu wolankhula. Munthu wodwala, yemwe mlandu wake udali wa pepala ndi cholembera, adafunika bedi la kuchipatala, osati ulendo wautali ndi chitokosi.

Ndipo musaone ngati ndi mbiri yakale yosakukhudzani. Mu February 2019, Buleya Lule adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe komweko, ndipo kafukufuku adaonetsa kuti adazunzidwa. Aphungu adachotsa milandu youkira boma ndi mawu m'malamulo athu mu 2022, koma lamulo la za pa intaneti la 2016 lagwiritsidwapo ntchito kumanga anthu chifukwa cha zomwe adalemba pa Facebook kapena kutumiza pa WhatsApp. Kalata ya Matafale ikadakhala ya lero, bwenzi ili voice note. Foni yomwe mukuwerengerapo nkhaniyi ndi cholembera chomwecho.

Gulu lidakana kubalalika

Mwachizolowezi, mtsogoleri wa gulu akamwalira, zida zimagulitsidwa, oyimba amabalalika, wina amakalowa gulu la tchalitchi, wina amapita ku Joni. Ambiri ankayembekeza zomwezo. Koma Musamude Fumulani adatenga maikolofoni, ndipo chimbale chotsatira sadachipatse dzina latsopano. Adachitcha Kuimba 3. Ndi nambala yokhayo, anyamatawo adauza dziko kuti buku lija silidathe.

Mayesero adabweranso. Musamude adamwalira mu 2007, ndipo chaka chotsatira adamwaliranso m'bale wawo Gift Fumulani, yemwe ankaimba payekha koma akuyenda ndi gululi. Apanso anthu adati basi zatha. Anjiru adaima kutsogolo, Chizondi adakhalabe pa kiyibodi, Peter Amidu pa besi. Anthony Makondetsa, m'bale wawo wina, adakhala mzati wa madansi awo uku akutulutsa zimbale zakezake monga Mbumba ya Abraham. Takudziwani ndi Paul Chokani adaimba gitala ndi ng'oma m'gululi kwa zaka zambiri asadachoke kukadzutsanso Wailing Brothers. Mikangano idalipo, monga zimakhalira pa banja lililonse, koma nambala za Kuimba zidapitirira mpaka kudutsa 10.

Chomwe chidawasunga si wailesi kapena intaneti. Ndi msewu. Ma Blacks adasanduka gulu lomwe limaimba pafupifupi sabata iliyonse, lero ku Mzuzu, mawa ku Kasungu, mkuja ku Salima, m'malo akuluakulu ndi m'timabala ta m'matauni ang'onoang'ono momwe oyimba ena amanyoza kupitako. Makaseti atatha, ma CD atayamba kuwotchedwa mwakuba, oyimba omwe ankadalira malonda a zimbale adagwa. Gulu lomwe limadziwa kuimba ndi zida pamaso pa anthu lidapitiriza kudya, chifukwa dansi siikopedwa pa memory card.

Chaka chilichonse chakumapeto, chikumbutso cha Matafale chimasonkhanitsa khwimbi la anthu ku Chileka, nthawi zambiri pa bwalo la Gadaga, ndipo chidakula n'kukhala chokumbukira oyimba onse a m'banjali omwe adatsogola. Ma Rasta omwe m'masiku a Matafale ankaonedwa ngati osokonekera mutu adapambana mlandu waukulu mu May 2023, pomwe bwalo lalikulu la milandu ku Zomba lidagamula kuti ana a tsitsi lopotana aloledwe m'sukulu za boma. Nkhondo imeneyo adamenya ndi makolo ndi maloya, koma nyimbo za ku Chileka zidathandiza kuti Mmalawi wamba asiye kuona Rasta ngati mlendo.

Nanga a hip hop zikuwakhudza bwanji?

Reggae ndi hip hop ndi pachibale kuposa momwe ambiri amaganizira. Yemwe amatchedwa tate wa hip hop, DJ Kool Herc, adabadwira ku Jamaica, ndipo phwando lake la pa 11 August 1973 ku Bronx, mu mzinda wa New York, lidatengera chikhalidwe cha masipika akuluakulu ndi kulankhula pamwamba pa nyimbo chomwe adakula akuchiona ku Kingston. Zamba ziwirizi zidabadwira m'madera a anthu osauka, ndipo zonse zimalemekeza munthu wonena zomwe ena akuopa.

Nthawi yomwe Matafale ankajambula Kuimba 2, hip hop ya Malawi idali ikuphukira. Gulu la Real Elements lidaonetsa kuti rap yoganiza, yosangotamanda ndalama ndi akazi, itha kuchokera kuno, ndipo mmodzi mwa iwo, Q Malewezi, adadzakhala mlakatuli wodziwika. Pambuyo pake kudabwera magulu ngati Daredevilz ndi Home Grown African. Koma tikayang'ana bwino, nyimbo za m'tauni zakhala kwambiri nkhani ya munthu mmodzimmodzi: woyimba, wopanga biti yemwe walipidwa tsiku limenelo, ndi DJ woseweretsa nyimbo kumbuyo pa siteji. Woyimbayo akadwala, akatopa kapena akamwalira, zonse zimaima pomwepo. Palibe wotenga maikolofoni.

Sindikunena kuti rapper aliyense asake abale ake anayi n'kugula ng'oma. Nkhani ndi yakuti ntchito yokhalitsa imafuna anthu omwe akuidziwa mkati mwake ndipo ali ndi gawo mmenemo. Mutu umodzi susenza denga. Mnyamata wa pa Lirangwe yemwe akujambula nyimbo pa laputopu m'chipinda cha mnzake adzifunse: kodi wopanga biti uja ndi mnzanga pa ntchitoyi kapena ndi wongodutsa? Tidalemberana kuti nyimbo ikapanga ndalama tigawana bwanji? Alipo wamng'ono yemwe ndikumuphunzitsa? Kodi nyimbo zangazi zikulumikizana n'kupanga chinthu chimodzi, kapena ndikungothamangitsa zomwe zatchuka sabata ino?

Phunziro lachiwiri ndi la kwanu. Matafale sadasamukire ku Namiwawa kuti amveke wapamwamba, ndipo sadabise Chichewa chake. Adatenga chamba cha ku Jamaica n'kuchiveka mawu a ku Kuntaja, monga momwe a Kachamba adachitira ndi kwela ya ku South Africa zaka 30 m'mbuyo mwake. Ma rapper omwe afika patali kuno, monga Tay Grin ndi ng'oma zake za gule wamkulu, kapena Fredokiss ndi nkhani za ku ghetto, adadutsa njira yomweyo. Wokopera kalankhulidwe ka ku Atlanta amapikisana ndi anthu zikwizikwi omwe amakachita bwino kumuposa. Wonena za pa Lirangwe, za njanji, za msewu wa ku Chingale womwe andale akhala akulonjeza chisankho chilichonse, alibe wopikisana naye.

Nyimbo zili kuti?

Pali nkhani ina yomwe sitiikamba mokwanira: kusunga zomwe zidajambulidwa. Gulu la De La Soul la ku Long Island, ku America, lomwe chimbale chake 3 Feet High and Rising cha 1989 chidatsegula njira ya hip hop yosiyana ndi ya anzawo, lidakhala zaka zambiri nyimbo zake zakale zisakupezeka pa Spotify ndi malo ena omverera nyimbo. Vuto lidali mapangano ndi kampani ya Tommy Boy komanso zidutswa za nyimbo za eni ake zomwe adagwiritsa ntchito. Zimbale zawo zoyamba 6 zidafika pa intaneti mwalamulo pa 3 March 2023, patangotha masabata osakwana atatu mmodzi mwa atatuwo, Trugoy the Dove, atamwalira. Mbadwo wonse udakula osawamva bwino chifukwa cha mapepala.

Ngati zotere zidachitikira gulu la ku America, lokhala ndi maloya, kuli bwanji kuno? Zomwe Kubik adajambula kwa a Kachamba zidasungidwa ku Vienna, ndipo wofufuza atha kukazimva. Koma Matafale yemwe ali m'mafoni ambiri ndi wokopedwa kuchokera ku kaseti, kupita pa CD, kupita pa kompyuta ya wowotcha nyimbo, kenako pa WhatsApp, mpaka besi ija yomwe idali mtima wa nyimbo imamveka ngati chitini. Mayina a nyimbo amalembedwa molakwika, ndipo nyimbo za Musamude ena amaziyesa za Matafale. Oyimba zida, omwe adapanga kamvekedwe kameneka, satchulidwa n'komwe.

Lamulo la zaumwini wa luso limateteza ntchito ya munthu moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira, kutanthauza kuti nyimbo za Matafale zili ndi eni ake mpaka cha m'ma 2051. Wopanga biti yemwe akufuna kudula kachidutswa ka Watsetsereka kuti aikepo rap, lomwe ndi ganizo labwino kwambiri, ayambe wagogoda ku banja ndi ku COSOMA. Ndipo inu amene mukujambula lero, sungani mafayilo anu oyambirira malo awiri kapena atatu, lembani tsiku, situdiyo ndi dzina la aliyense yemwe adagwirapo. Laputopu imabedwa, foni imagwera m'madzi, situdiyo imatsekedwa.

Matafale adakhala pa siteji ya dziko lino zaka zosakwana zitatu. M'zaka zimenezo adadwala, adachira, adakwiya, adalakwitsa zina, adaimba zoona zambiri, ndipo adaphunzitsa anyamata anayi a m'mudzi mwake ntchito yomwe yadyetsa mabanja kwa zaka zoposa 20. Boma lomwe adalilembera makalata lidachoka mu 2004. November akubwerayu, ngati muli ndi ya minibasi, pitani ku Chileka mukaone nokha. Mukafika, musangojambula siteji. Yang'anani yemwe ali pa besi, yemwe ali pa kiyibodi, ndi ana omwe aima m'mbali akuonerera zala zawo.